Mpando wa Matayala ndi Pepala la Seva

Lolemba

Nthawi ya nkhomaliro. Buledi sakulowa.

Abwana andiitana mu ofesi mwawo. Ine! Zaka zinayi ndili kuseri kuno ku Boksburg, ku Joni, kunyamula mabokosi a mabawuti, mabelingi ndi malamba a makina, ndipo mu ofesi imeneyo ndimalowamo pokhapokha denga likadontha. Lero andiuza kuti ndikhale pansi. Ndakhala kunsonga kwa mpando ngati munthu wobwera ndi uthenga wa maliro.

Nkhani yake ndi seva. Seva ndi chikompyuta chija chokhala chokha m'kachipinda kozizira, chimene makompyuta onse a muno amakatungako zinthu kudzera m'mawaya. Mzungu amene anachiika anasamukira ku Australia chaka chatha. Chichokereni iye, wosintha tepi yosungira ntchito tsiku lililonse ndine, chifukwa ndinaphunzirapo taipi ku Lilongwe ndipo sindiopa mabatani. Ena onse amachilambalala chipindacho ngati muli njuchi.

Tsono kwabwera kalata. Lachisanu kudzafika munthu wotumidwa ndi eni ake a pulogalamu yoyendetsa sevayo, kudzaona ngati tikuigwiritsa ntchito mwalamulo. Mawu a abwana, amene amandiitana ndi dzina la dziko langa ngati onse a pano, ndawalemba pachikhatho kuti ndisaiwale: "Malawi, konza zonse. Munthuyo akachoka akumwetulira, kachipinda kaja nkako, ndi mpando womwe. Mabokosi azinyamula ena."

Ndi mpando womwe! Uli ndi matayala asanu, umazungulira, umakwera ndi kutsika. Ndauyesa kale kawiri nditatseka chitseko.

Zimene munthuyo akufuna, malinga ndi kalata:
1. Pepala la laisensi.
2. Disiketi ya laisensi.
3. Nambala ya papepala ifanane ndi imene seva imaonetsa.
4. Olowa mu seva nthawi imodzi asapitirire khumi.

Zinayi basi. Kodi anthu amapitira kusukulu zimenezi?

Dongosolo langa:
Lero, kupukuta fumbi.
Lachiwiri, kuwerenga anthu.
Lachitatu, mapepala.
Lachinayi, kusita malaya oyera.
Lachisanu, kukhala pampando ndi kuitanitsa wojambula.

Chithunzi chimenecho chipita ku Ntcheu kwa Nambewe, mkazi wanga, ndipo akachionetse kwa bambo awo. Nambewe apirira. Zaka zitatu zathunthu apongozi angawa akhala akuwauza kuti mwamuna wako ndi tchona wonyamula makatoni a eni, peza wina ukadali mtsikana. Mawu amenewo amandipweteka mpaka lero. Koma chodabwitsa, kuyambira Januwale mkuluyu wasintha. Makalata ake tsopano amayamba ndi "Kwa a Injiniya". Ndinkayesa akundinyogodola. Lero ndaona kuti munthuyu analota, ndipo ndamukhululukira zonse kupatula za njinga yanga imene anathyola foloko.

Fumbi ndapukuta. Kuseri kwa seva ndapezako mphemvu zitatu, zonse zonenepa.

Lachiwiri

M'mawa, m'takisi yochokera ku KwaThema kumene ndimagona. Ndikuwerenga kuseri kwa kalata ija, kumene kuli timalemba tating'ono, dikishonale ili pabondo.

Abale inu! Pulogalamuyi si yathu. Abwana anagula, koma si yawo. Chimene anagula ndi chilolezo chokha. Zili ngati dimba lobwereka: ukulima ndiwe, ukukolola ndiwe, koma mwini alipo ndipo amabwera kudzaona ngati sunasunthe malire. Ndipo umboni wa chilolezocho si chikompyuta cholemera chija ayi, ndi pepala. Pepala likasowa, pamaso pa lamulo umaoneka ngati wakuba, ngakhale chinthucho chili m'nyumba mwako.

Ndawerenga katatu. Mayi wokhala pambali panga wandifunsa ngati ndalandira uthenga woipa.

Naini koloko. Kuwerenga makompyuta. Khumi ndi atatu. Ndabwereza, kuyambira mbali ina. Khumi ndi atatu! Kalata ikuti khumi.

Wondikhazika mtima pansi ndi Sisi Thandi, mayi wa pafoni kutsogolo, amene amadziwa zonse za pakampani pano mpaka mankhwala amene abwana amamwa. Akuti makompyuta akhoza kukhala ngakhale zana, seva imawerenga anthu olowa okha. Akakwana khumi, wotsatira imamukana. N'chifukwa chake tsiku lililonse mu ofesi mumamveka wina akukuwa kuti "Ubani ophumayo?", kufunsa amene atuluke kuti iye alowe. Zaka zinayi ndakhala ndikumva mfuu imeneyi ndili kuseri, ine kumayesa akulimbirana chimbudzi.

Koma injiniya sangomva za anthu, amayesa yekha. Ndazungulira madesiki onse kuwauza kuti teni koloko ikakwana, aliyense alowe nthawi imodzi.

Teni koloko. Ndaima pa seva, ndikuwerenga mayina akutuluka pagalasi. Asanu ndi atatu, asanu ndi anayi, khumi. Yatseka! Ndasangalala ngati ndapanga ndine.

Teni koloko ndi mphindi ziwiri. Wa nambala leveni ndi abwana. Ali pafoni ndi munthu wa kumgodi wofuna mabelingi mwamsanga, ndipo kompyuta yawo ikuwauza kuti malo adzaza. Ine sindinawawerengere. Ndani amawerengera abwana pamzere? Mawu awo amveka mpaka kugeti: "Ndani akundikaniza kulowa m'nyumba mwanga?"

Pa seva pali njira yotulutsira munthu. Umasankha dzina, n'kudina batani. Ndasankha la pansi penipeni osaliwerenga, chifukwa thukuta linali m'maso.

Linali la Sisi Thandi. Anali patsamba lachisanu la kalata imene anali asanasunge.

Sanakalipe. Angondiyang'ana kuyambira kunsapato mpaka kumutu, n'kubwereranso kunsapato. Tiyi wa fili koloko wandidutsa.

Komabe nambala 4 yatheka. Zatsala zitatu, ndipo zonsezo ndi za m'kabati.

Lachitatu

M'kabati mulibe.

Zimene ndapeza m'kachipinda ka seva:
mawaya opiringizana, thumba lathunthu;
sokosi imodzi;
makiyi osatsegula chilichonse;
madisiketi makumi awiri olembedwa "zakale", "zakale 2", "osataya";
chitini cha bisiketi, mopanda bisiketi.

Pepala la laisensi palibe. Disiketi ya laisensi palibe.

Leveni koloko. Abwana aimbira sitolo imene anagulako pulogalamuyi. Inatsekedwa, pamalopo pano amagulitsa matayala. Lisiti linali m'faelo ya mzungu uja, ndipo faeloyo mwina ili ku Australia, mwina inapita ndi madzi denga litadontha. Ndiye umboni wokha wotsala ndi pepala lija.

Masana. Abwana atisonkhanitsa tonse, ndi a kuseri omwe. Akuti zonse zinabwera m'bokosi limodzi labuluu, lolimba ngati sutikesi, lokhala ndi chogwirira. M'kati munali mabuku asanu onenepa, ndipo pansi penipeni panali envulopu yoyera yachikatoni, yofanana kukula ndi bokosilo. Pepala ndi disiketi zinali mmenemo. Amene analiona akweze dzanja.



Sisi Thandi akuyang'ana zikhadabo zawo. Kenaka, mwaulemu wonse: "Ibhokisi eliblue? Buza uMalawi." Funsani Malawi.

Mulungu wanga!

Disembala watha abwana analamula kuti makatoni onse akale atayidwe. Ine bokosi labwino sinditaya. Sindinaleredwe choncho. Anthu a ku Joni amataya zinthu zoti kwathu munthu akhoza kusiyira ana. Ndinapempha kwa folomani, iye anati tenga, zinyalala zimenezo. Mabuku asanu aja ndinapatsa a Gondwe, mkulu wa kwathu amene anatsalira kuno atasiya mgodi, eni ake a kachipinda kamene ndimagonamo, ndipo anachirikizira bedi lawo lothyoka mwendo. M'bokosimo ndinaikamo bulangeti, sopo, nsapato za Nambewe, wailesi, ndi kasatifiketi kanga kozimitsa moto kamene tinapatsidwa titaphunzira tsiku limodzi. Pansi ndinaonadi chikatoni choyera. Ndinachisiya dala, ndinati chilimbitsa bokosi. Ndinamanga ndi chingwe n'kupereka kwa thiransipota, uja amatinyamulira katundu wopita kumudzi.

Ndaulula zonse pamaso pa anthu. Abwana afunsa kuti kumudziko ndi maola angati pa takisi. Ndati masiku atatu pa basi, kudutsa mayiko awiri, malire akakhala kuti sanavute.

Abwana alowa m'kachipinda ka seva, akhala pampando wanga uja, agwira mutu. Mpandowo wawazunguza pang'ono n'kuwalozetsa kukhoma, ndipo akhala choncho osabwerera.

Madzulo. Mabuku ndawaona, ali bwino, bedi ndiye lalemba chizindikiro pa la pamwamba. Ndapempha a Gondwe kuti ndiwabweze kuntchito. Yankho: "Ayikona. Ine ndigona pansi chifukwa cha azungu ako?"

Malaya oyera sindinawakhudze.

Lachinayi

Seveni koloko, pafoni ya khadi pafupi ndi pokwerera matakisi. Ndaimbira golosale ya pamsika wa kwathu, ndiyo yokha ili ndi foni. Ndapempha kuti uthenga upite kwa Nambewe, abwere pofika thwelofu, nkhani ya moyo ndi imfa. Ndazindikira mochedwa kuti mawu amenewo kumudzi sawamva mwachibwana.

Thwelofu koloko. Nambewe afika akulira, ndi azakhali awo awiri, atavala kale zitenje za pamaliro. Theka la khadi lapita ndikulumbira kuti ndili moyo.

Kenaka ndafunsa za bokosi. Lilipo, amasungiramo zovala za ku tchalitchi. Ndapuma. Ndafunsa za envulopu yoyera inali pansi.

"Satifiketi yanu ija? Ili pakhoma kwa ababa. Tinaiika m'felemu ya galasi."

Satifiketi yanga.

Tsopano ndikukumbukira. Mu Januwale Nambewe analemba kuti satifiketi taiona, mudzi wonse wanyadira. Ine ndinayesa akunena ya moto ija, ndipo ndinadabwa kuti kumudzi ayamba liti kulemekeza kuzimitsa moto. Ayi. Iwo anatsegula envulopu, n'kupezamo chipepala chokhuthala, cha mizere yagolide m'mphepete, chidindo chonyezimira mitundumitundu, ndi mawu oti kompyuta apa ndi apo. Aphunzitsi aakulu a pasukulu anachiyang'ana n'kunena kuti zotere sapatsa munthu wamba. Ndi mmene apongozi anayambira "Kwa a Injiniya". Sanalote kanthu mkulu uja.

Ya moto ija anakutira buku la nyimbo.

Ndafunsa za kanthu kakuda, kapulasitiki, ka ngodya zinayi, kanali m'envulopu momwemo.

"Mendulo ija? Ilinso pakhoma, pansi pa felemu. Kabowo ka pakona kanachepa, ndiye ababa anakhomera pakati, pa kachitsulo paja. Yagwira bwino, ngakhale mphepo siigwedeza."

Msomali wa mainchesi anayi. Pakati pa disiketi!

Apa mpamene ndikanawauza zoona. Pakamwa ndinatsegula. Koma azakhali anali pomwepo, mwini golosale anali pomwepo, ndipo foni ya kumeneko munthu amakuwa kuti amveke. Ndangoti pepalalo akulifuna kuntchito kuti andikweze. Si bodza. Ndawapempha kuti mawa m'mamawa apite nalo ku boma, akalijambulitse, alitumize pa fakisi. Nambala ya fakisi ndabwereza kanayi.

Mawu awo omaliza khadi lisanathe: "Musade nkhawa, bambo a Tadala, tinalikonza bwino. Mabwana anu akaliona asangalala."

Analikonza? Mwina akunena felemu.

Masana. Abwana aimbira woyendera uja, wobwera mawa. Akuti disiketi ikawonongeka si mlandu waukulu, ena amataya, ena amathira tiyi, bola pepala lilipo ndipo nambala yake ikuoneka. Fakisi ailandira pakadali pano, lenilenilo libwere pambuyo ndi thiransipota. Abwana sanamuuze za msomali. Akuti Chingerezi chake sanachipeze.

Ndandanda tsopano:
1. Pepala, lili ku Ntcheu.
2. Disiketi, yapachikidwa.
3. Nambala, mawa.
4. Zatheka.

Malaya ndasita. Kolala yapsa pang'ono, koma ndi kumbuyo.

Lachisanu

Teni koloko. Woyendera wafika. Munthu waulemu, wa tayi yabuluu ndi chikwama chakuda, wandipatsa moni wa dzanja. Ndamuonetsa seva yopanda fumbi. Wayang'ana olowa: asanu ndi atatu, chifukwa ena onse ndawapempha kuti lero alembe ndi bolopeni. Wachonga. Wakopera nambala ya pagalasi m'buku lake, zilembo ndi manambala khumi ndi ziwiri. Akuti chatsala n'kuiona nambala yomweyo papepala, basi, asaine azipita.

Leveni. Fakisi kulibe. Tiyi woyamba.

Thwelofu. Tiyi wachiwiri. Wandifunsa za kwathu, ngati kuli mikango. Ndati iliko, yoweta. Sindikudziwa chimene ndanenera zimenezo.

Wani koloko. Abwana akuyendayenda. Nditaimirira pafupi ndi mpando, dzanja lili pamsana pake, ndikupemphera m'Chichewa kuti yankho lisachedwe ndi kumasulira.

Thu koloko. Fakisi yalira! Tonse tathamangira kutsogolo kwa Sisi Thandi: abwana, woyendera, ine, ndi ena amene sizikuwakhudza. Pepala likutuluka pang'onopang'ono, mzere ndi mzere.

Choyamba, felemu. Ajambula osalichotsa m'galasi, mpaka kachingwe kopachikira kakuoneka.

Kenaka mutu wa pepala, dzina la pulogalamu, mizere ya m'mphepete. Woyendera akugwedeza mutu kuvomera. Ndi lomwelo.

Kenaka mzere uja wolembapo mwini laisensi, umene mzungu wa ku Australia anausiya wopanda kanthu. Suli wopanda kanthu tsopano. Pali dzina langa. Lonse, ndi la ubatizo lomwe limene sindiuza anthu, m'zilembo za aphunzitsi aakulu, zokhala ndi michira yopotana ndi kaduwa kumapeto.

Kenaka pakona ya kumanja, pamene pamakhala nambala, pakutuluka tsitsi. Chipumi. Maso. Ndine! Chithunzi cha tsiku la ukwati, tayi ili pakhosi, anachidula ndi lumo mozungulira, phewa la Nambewe latsalirako pang'ono. Achimata pa nambala penipeni. Kumanzere kwa khutu langa kukuoneka chilembo chimodzi, kumanja kukuoneka seveni. Zina khumi zili kuseri kwa nkhope yanga, imene ikumwetulira.



Makina aliranso. Tsamba lachiwiri. Kalata ya apongozi kwa abwana, m'Chingerezi cha aphunzitsi, yothokoza kampani chifukwa chozindikira nzeru za mkamwini wawo, amene iwo anamuona kuyambira kale kuti adzapita patali. Sisi Thandi aiwerenga mokweza, mosadumpha liwu, mpaka pa "wanu wokhulupirika".

Woyendera wavula magalasi, wapukuta, wavalanso. Wayang'ana pepala, wayang'ana ine. "Ndiye kuti, bambo, seva iyi mwini wake ndinu?"

 

Wafotokoza bwinobwino, mopanda mkwiyo. Nambala sikuoneka, dzina ndi la munthu wina, lisiti palibe, disiketi palibe. Sangasaine. Alemba kuti kampani ilibe umboni wa laisensi, ndipo iyenera kugula ina sabata ya mawa, apo ayi seva izimitsidwe ndipo nkhani ipite kwa maloya. Potuluka wapempha kope la fakisiyo. Akuti zaka zonse wagwira ntchitoyi waonapo madisiketi okopera, manambala obwerekana, ngakhale mapepala achinyengo, koma laisensi yovala tayi sanaionepo.

Wachoka akumwetulira. Ndafuna kuwakumbutsa abwana kuti pangano linali lomwelo, koma nditaona mtundu wa makutu awo ndasiya.

Loweruka

Timagwira theka la tsiku. Ndadzuka ndi nzeru imodzi yotsala: chithunzi chimatuka. Akachimatula bwinobwino, ndi nthunzi ya ketulo, nambala ioneka, ndipo Lolemba ndikagwada kwa woyendera.

Eyiti koloko, foni ya khadi. Nambewe ali kale pagolosale, abwera okha kudzamva ngati ndakwezedwa.

Ndafunsa kuti chithunzicho anamata ndi chiyani. Akuti phala linakana, ndiye anagwiritsa guluu womatira machubu a njinga. Anapaka kawiri, n'kutsendereza ndi mwala tsiku lathunthu. Anasankha pakonapo chifukwa panali manambala osakongola, ndipo satifiketi yopanda nkhope munthu wina akhoza kuba n'kunena kuti ndi yake.

Akhoza kuba n'kunena kuti ndi yake.

Ndati nanga atayesa kumatula. Akuti ababa sangalole ndi pang'ono pomwe. Dzulo felemu anainyamula okha pamiyendo ulendo wonse wa ku boma, ataikulunga m'jekete lawo, ndipo wojambula atafuna kutsegula galasi anatsala pang'ono kumenyana.

Ndinati tsopano ndinene. M'golosale munalibe anthu, ndinamva ndekha kuti kuli bata. Ndinayamba: "Nambewe, pepala limene lija..."

Iwo anandidula, mawu atatsika. "Ndikuuzeni chinthu, bambo a Tadala. Kale ndikapita kwa ababa ndinkakhala pakhomo, pansi, n'kumamva za amuna a anzanga. Chipachikireni pepala lija, amandilowetsa m'nyumba. Amanditulutsira mpando uja wa alendo, ndikhale pansi pa felemu. Za kukwatiwa kwina sanatchulenso."

Ndinafunsa za mvula.

Teni koloko. Mu ofesi mwa abwana, kachiwiri sabata imodzi. Lero sanandiuze kukhala. Ayamba mokalipa, za maloya, za manyazi, za seva imene ikanazimitsidwa. Pakati pa mawu maso awo agwera pa fakisi ili padesiki, ndipo aseka mpaka kutsokomola, misozi mbwembwembwe. Ndinayamba kuseka nawo. Asiya pomwepo.

Chigamulo:
1. Ntchito sinathe. Akuti wina aliyense akanathawa Lachitatu.
2. Laisensi yatsopano agula, pepala lake likakhala lokhomeredwa m'sefa yachitsulo ya abwana.
3. Kachipinda ka seva kakhomedwa. Azibwera munthu wa kunja kamodzi pamwezi. Tepi azisintha Sisi Thandi.
4. Ine kuseri.
5. Kuyambira Lolemba palibe bokosi lotuluka pageti lili lamoyo. Lililonse lizidulidwa ndi mpeni, liphwanyidwe, lipite kuzinyalala. Wodula ndine.

Nambala 5 yandiwawa kuposa 4. Kukubwera mabokosi a mabelingi a ku Germany, a makatoni atatu ophatikiza, oti mwana akhoza kugonamo.

Pepala lakale akuti nditenge, lilibenso ntchito kwa aliyense.

Leveni koloko. Ndaona mpando ukudutsa m'khonde, Sisi Thandi akuukankha ndi chala chimodzi. Salira n'komwe matayala ake. Fakisi aipachika pabolodi la kukantini, ndipo madalaivala ayamba kundivulira zipewa.

Lamulungu

Tchalitchi ku KwaThema. Nkhani yandiyambira kufika, sindikudziwa yakwera takisi iti. Mlembi wa mpingo wandifunsa pamaso pa anthu ngati ndingamupezere satifiketi ya udokotala, chithunzi ali nacho kale. Nyimbo ndaimba ndi milomo yokha.

Masana. A Gondwe ali pabedi lawo lochirikizidwa ndi nzeru zonse za seva, akumvera mpira. Awo ndiwo apindula. Andiuza kuti iwo anagwira mgodi zaka makumi awiri, ndipo kumudzi kwawo mpaka lero amadziwa kuti anali kalaliki. Sindinawafunse ngati akunena zondilimbikitsa.

Ndakhala pachitini cha penti kuseri kwa nyumba, pepala lili pabondo. Kalata kwa Nambewe.

Yoyamba: "Wokondedwa Nambewe, pepala lija si langa, ndi la makina." Ndang'amba. Kalata zanga amakawerengera limodzi ndi apongozi.

Yachiwiri: "Wokondedwa Nambewe, pachitika kusamvana pang'ono pankhani ya maphunziro anga." Ndang'amba. Bodza la pamwamba pa bodza, ndipo loyambalo sindinanene ndine.

Yachitatu ndafika pakati. Ndalemba zonse, za bokosi, za envulopu, za mpeni wa mawa. Ndalemba kuti mwamuna wanu ndi wonyamula makatoni, monga ananenera bambo anu, ndipo tsopano watsika, ndi wodula makatoni. Ndawerenga, zonse n'zoona. Kenaka ndawaona Nambewe atabwerera pakhomo paja, pansi, miyendo atapinda, akumva za amuna a anzawo. Ndalira pang'ono, a Gondwe akweza wailesi.

Zimene ndinafuna Lolemba: kachipinda, chithunzi, mpando.
Zimene ndili nazo: malaya opsa kolala, dzina latsopano kukantini, ndi laisensi ya anthu khumi imene singalowetse ngakhale mmodzi.

Komabe ndikawerenga bwino, mpando m'banja muno ulipo umodzi. Ulibe matayala, suzungulira, ndipo ndi wa apongozi. Amene akukhalapo ndi Nambewe.

Yachitatu nayo ndang'amba.

Yachinayi yapita mu envulopu. "Wokondedwa Nambewe, kuntchito pepala aliona, ndipo onse akulikamba. Akuti likhale komweko. Galasi muzipukuta ndi nsalu youma, madzi angalowe."

Mpeni ndanola. Mawa takisi ya sikisi.